Phukusi la Anthu a Kumbaula

Ufumu wa Kachipinda simungaupeze pa mapu, ndipo ngakhale mutauponda simungadziwe kuti mwaponda dziko la eni. Ndi waung'ono moti anthu ophunzira amachita kuusuzumira pa galasi la maikulosikopu n'kumautchula kuti selo. Koma zimenezi musakazinene pamaso pa eni ake. Iwo amakhulupirira kuti dzuwa limatulukira pampanda wawo wa kum'mawa n'kukalowera pampanda wawo wa kumadzulo, ndipo kuti kunja kwa mpandawo kumakhala anthu ansanje okhaokha.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Ndinendekha. Inkakhala pakati penipeni pa dziko, m'nyumba yozungulira yotchedwa Nyukiliyasi, mmene munkasungidwa mabuku onse a malamulo a makolo. Mfumuyi sinkatuluka panja. Ikafuna kanthu inkangokopera tsamba limodzi la malamulo n'kuliponya pazenera, amithenga n'kuliwakha, liwiro. Chifukwa cha kusatulukako, za dziko lake inkazimvera kwa nduna, ndipo nduna zinkaiuza zimene zinkakomera nduna.

Nduna yomveka pa zonse inali Olemekezeka a Mphonje, a Unduna wa Zokutira ndi Zotumiza, kumene anthu ankangoti kwa Goliji. Tinene chilungamo, kwa Goliji si kwa alesi. Nyumba yake ndi ya zipinda zaphwatalala zosanjikizana ngati mphasa za malonda. Katundu yense wopangidwa m'mafakitale a dzikolo amalowera khomo la kumaso ali wosalongosoka, n'kumadutsa chipinda ndi chipinda. Apa amudula nsonga, apo amumata kachizindikiro ka shuga kosonyeza kumene akupita, uko amukutira bwinobwino. Akamatulukira khomo la kuseri amakhala phukusi lodziwa njira yake. Lina limapita kukagamba mpanda, lina kwa anyamata osungunula zinyalala, lina kunja kwa maiko oyandikana nawo. Popanda Goliji, mankhwala a nsikidzi bwenzi akufikira kwa wophika ndiwo.

Vuto linali a Mphonje eni akewo. Atakhalitsa pakati pa mapepala ndi zingwe, anayamba kukhulupirira kuti chokutira chimaposa chokutidwa. Ankavala jekete la mabatani onyezimira ngakhale kukutentha, ndipo ndiwo anayambitsa zoti phukusi lililonse lizikhala ndi nkhope ya Mfumu. Kuyambira tsiku limenelo Mfumu sinawakanenso kanthu.

Kumunsi kwa dziko kunali dera lotentha lotchedwa Kumbaula. Ophunzira amati maitokondiriya, koma dzina limenelo ngakhale eni ake limawalumitsa lilime. Anthu a Kumbaula ankalandira shuga ndi mpweya n'kumaziwotcha pang'onopang'ono m'ng'anjo zawo za makoma opindikapindika, ndipo m'motomo munkatuluka timibulu ta mphamvu totchedwa etipi. Ku Kachipinda palibe chimene chimagwedezeka popanda etipi. Wamtengatenga akaponya phazi ndiye kuti wadya mbulu, mlonda akatsegula geti wadya mbulu, ngakhale Mfumu ikayasamula imakhala itadya mbulu. Chovuta chake n'chakuti etipi sasungika. Amadyedwa wotentha, monga chimanga chowotcha.

Woyang'anira ng'anjo zonse anali Nankhuni, mayi wamfupi wa mikono yolimba, wosakonda kunena chinthu kawiri. Mwamuna wake anali Yotamu, wamtengatenga wokoka mapukusi a kwa Goliji, mbadwa ya kumtunda imene inakalowa chikamwini ku Kumbaula. Anzake akamamuseka kuti akununkha utsi, iye ankangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anali munthu wabwino, woseka ndi aliyense, koma wa chilema chimodzi. Wovala jekete akamuuza kuti nyamula, ankanyamula, kufunsa n'kudzafunsa atafika.

Mavuto anayambira pa bwalo la nduna, tsiku lina Mfumu itasowa chochita.

"Kodi m'dziko langa muno," inafunsa ikudziyang'ana pa chikho, "muli chinthu chopanda nkhope yanga?"

Nduna zonse zinayang'ana pansi ngati zataya singano. A Mphonje okha ndiwo anaimirira, nakoka jekete lawo.

"Gogo Chalo, mtima ukundiwawa kuti ndinene, koma chilipo. Etipi."

"Etipi amene ndadya m'mawa uno?"

"Yemweyo, Gogo Chalo. Amachoka pang'anjo n'kulunjika m'kamwa mwa anthu ali maliseche. Sadutsa kwa ine, sakutidwa, sadindidwa. Munthu amangodya n'kupeza mphamvu, osadziwa woti amuthokoze. Ena mpaka amathokoza Nankhuni."

Apa Mfumu inakhala tsonga. Inali yopirira pa zambiri, njala ya anthu ake inkaipirira mosavuta, koma zoti wina akuthokozedwa zinkaidwalitsa mutu. Tsiku lomwelo tsamba linaponyedwa pazenera, ndipo linali Lamulo la Ulemu wa Etipi. Mbulu uliwonse uziyamba wadutsa kwa Goliji, uzikutidwa m'pepala la nkhope ya Mfumu ndi kumangidwa kachingwe, kenako uzidyedwa.

Lamulolo linawerengedwa pamsika wa Tamvatamva, umene uli pafupi ndi geti lalikulu la mpanda. Anthu anawomba m'manja chifukwa owerenga anabwera ndi asilikali. Asilikaliwo atachoka, Esinala, mayi wogulitsa shuga amene pakamwa pake sipankauma, anapukuta manja pa chitenje.

"Ndiye kuti njala ikatigwira tiziyamba kudya ndi maso," anatero. "Tikakhuta nkhope, tizinyambita pepala."

"Bola nkhopeyo ndi yonona," anayankha wina kuseri kwa benchi, ndipo msika wonse unaseka chapansipansi.

Nankhuni atauzidwa, sanaseke komanso sanatsutse. Anangoti, "Auzeni abwere ndi madengu ambiri," n'kubwerera kumoto wake.

Madengu anabweradi, ndipo mzere wa etipi pakhomo la Goliji unatalika mpaka kukhota. Mbulu unkalowa wotentha, n'kudikira m'chipinda choyamba, kudikiranso m'chachiwiri, ndipo pofika pomangidwa kachingwe unali utazizira ngati mwala wa kudambo. Anthu ankalandira timapukusi tokongola kwabasi, n'kumasula mosamala kuti asang'ambe mphuno ya Mfumu, m'kati n'kupezamo fumbi. Ena anayamba kumangotikhoma pakhoma ngati zithunzi.

Antchito a kwa Goliji nawo mitu inasokonezeka. Anali anjala, otopa, ndiponso otanganidwa ndi timibulu moti katundu weniweni ankamumata zizindikiro ali m'tulo. Mankhwala osungunulira zinyalala anawalemba kuti apite kunja, ndipo anakafika kwa mfumu ya dziko loyandikana nalo ngati mphatso ya ukwati wa mwana wake. Anyamata a zinyalala anangokhala manja lende, mulu n'kumakula mpaka kubisa zenera limodzi la Nyukiliyasi. Amtengatenga, amene kale ankathamanga, tsopano ankayenda ngati akuperekeza maliro.

Bwalo linakumananso. Mfumu inali yokwiya, ngakhale mkwiyo wake unkatuluka pang'onopang'ono chifukwa cha kuchepa kwa mphamvu.

"Dzulo ndinafuna kuyasamula," inadandaula, "pakamwa n'kungotseguka theka. A Mphonje, n'chiyani chimenechi?"

Munthu wina akanavomera kuti walakwa. Koma a Mphonje sanafike pa unduna chifukwa chovomera zolakwa.

"Gogo Chalo, tiyeni tiganize mofatsa. Lamulo lanu ndi langwiro, chifukwa ndi lanu. Kukutira kwathu n'kwangwiro, chifukwa pali nkhope yanu. Ndiye chatsala n'chiyani? Etipiyo akuchokera kwa anthu a mtima wa chiwembu." Apa anatsitsa mawu, nduna zonse n'kusendera pafupi. "Anthu a Kumbaula si mbadwa za dziko lino. Gogo wawo wamkazi analowa muno kalekale. Ena amati makolo athu anam'meza, ena amati anangobwera kudzausa mvula n'kukhalira pomwepo. Mpaka lero ali ndi kabuku kawokawo ka malamulo, kozungulira ngati chibangili, kamene sikasungidwa m'nyumba ino. Amachulukana okha, ng'anjo kungogawika pawiri osapempha chilolezo. Choopsa koposa, ana awo amatsata kwa mayi okha. Mwana wa Yotamu, wantchito wanga weniweni, sanatengeko kanthu kwa bambo ake, ngakhale khutu."

Zonsezi zinali zoona, ndipo aliyense m'bwalomo anazidziwa akuyamwa. Koma nkhani yakale ikanenedwa monong'ona pa nthawi ya njala imamveka ngati chiwembu cha dzulo. Chimene a Mphonje sanatchule n'chakuti zipangizo zambiri za m'ng'anjomo zimapangidwa potsata mabuku a m'Nyukiliyasi momwemo, ndi kuti mitundu iwiriyi inalukana kalekale moti palibe angaloze pamene wina athera.

Nduna ina yokalamba, ya Zamadzi ndi Mchere, inakweza chala mwamantha.

"Pepani Gogo Chalo, kungofunsa chabe. Tikawachotsa, mphamvu tizidzaitenga kuti?"

"Tizidzidalira," anayankha a Mphonje asanapume n'komwe. "Nyumba iliyonse iziswa yokha shuga pakhomo, monga ankachitira makolo athu obwerawa asanadze."

Izinso zinali zotheka ndithu. Munthu akhoza kuswa shuga pakhomo popanda ng'anjo, kungoti amapezamo timibulu tiwiri pamene ng'anjo ikanatulutsa lichero lodzaza, ndipo chotsalira chake ndi madzi owawasa. Koma mawu akuti kudzidalira anaikomera Mfumu m'khutu, moti inawabwereza kangapo ikumwetulira. Tsamba lachiwiri linaponyedwa pazenera. Anthu onse a Kumbaula atuluke m'dziko pamodzi ndi ng'anjo zawo. Ndipo popeza ku Kachipinda palibe chimatuluka pageti chosakutidwa, anayenera kuikidwa m'phukusi limodzi lalikulu. Moto unayenera kuzimitsidwa kaye, chifukwa ngakhale a Mphonje ankadziwa kuti pepala ndi moto sizikhalira pamodzi.

Madzulo a tsiku limenelo Yotamu anafika kunyumba atavala kapusi yatsopano ya kwa Goliji. Anapeza mkazi wake akumanga mitolo.

"Mai a Tiyese, andisankha."

"Kuti mutani?"

"Kutsogolera chingwe mawa. Akuti pa amtengatenga onse wamphamvu ndine."

"Mphamvuzo munazitola kuti?" anafunsa Nankhuni osatukula mutu.

Yotamu anakanda kumutu, pansi pa kapusi.

"Ndi ntchito chabe, mai a Tiyese. Ine ndikakana asankha wina, ndiye ameneyo akakukokerani m'maenje. Ine ndiziyenda pang'onopang'ono, ndizilambalala miyala."

"Zikomo kwambiri. Si mkazi aliyense amathamangitsidwa mosamala chotere."

"Musatero. Zinthu zikadzakhala bwino mudzabwerera. Pakali pano ine ndi Tiyese tizikudikirani."

Apa Nankhuni anasiya mtolo n'kumuyang'ana.

"Inu ndi ndani? Lamulo simunalimve? Tiyese ndi wa kwa mayi ake. Zovala zake ndi izi ndamangazi."

Yotamu sanaganizepo zimenezo. Mtima wake unasweka pomwepo, ndipo chakudya cha madzulo sanachikhudze. Koma kapusi sanaivule. Munthu ameneyu amandimvetsa chisoni komanso amandipsetsa mtima, chifukwa ku Kachipinda zoipa zambiri sizichitidwa ndi anthu oipa. Zimachitidwa ndi anthu abwino amene amadziuza kuti akakana asankha wina.

Kutacha, ng'anjo zinazimitsidwa imodziimodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire dera la Kumbaula linazizira. Anthu ake anafola kupita kwa Goliji, amayi, ana ndi nkhalamba, aliyense atasenza ng'anjo yake. Antchito a kwa Goliji anagwira ntchito yotamandika, ena akupukuta misozi ndi mkono. Phukusi lake linali lalikulu ngati nkhokwe ya mwini munda, losalala, la mfundo imodzi yolimba pamwamba. Kutsogolo anamata nkhope ya Mfumu yaikulu kuposa chitseko, m'munsi mwake n'kulemba kuti, "Kunja. Osatsegula. Osabweza."

Mfumu inalankhula pazenera limene linali lisanabisike ndi zinyalala. Inati tsikuli ndi mbandakucha wa ufulu, kuti mibadwo idzaliimba, kuti kuyambira lero mphamvu ya Kachipinda idzachokera mu mtima wa Kachipinda. Ng'oma zinalira, amayi a chipani cha Mfumu anavina, amtengatenga anagwira chingwe, Yotamu patsogolo, ndipo phukusi linanyamuka.

Poyamba zinayenda bwino, pakuti anthu anali adakali ndi timphamvu totsalira m'thupi. Yotamu anasungadi lonjezo lake, miyala yonse anailambalala. Koma dzuwa likukwera, ng'oma zinayamba kulira motalikitsa. Amayi ovina anasiya kudumpha n'kumangogwedeza mapewa, kenaka zikope zokha. M'makomo monse anthu anali kalikiliki kuswa shuga monga analamulidwira, ndipo dziko lonse linayamba kununkha ngati thobwa logona. Ana ankalira ndi kuwawasa m'kamwa, akulu miyendo inkawakokana.

Choopsa chinachitikira kumpanda. Kumeneko kuli alonda amene ntchito yawo ndi kupopera kunja mchere wolowerera m'ming'alu, usana ndi usiku, chifukwa mchere ukalowa madzi amautsatira. Alondawa ndiwo amadya etipi wambiri kuposa aliyense m'dzikomo, ndiye ndiwonso anayamba kugwa. Mipope inaima. Madzi anayamba kulowa mwakachetechete, dziko n'kumafufuma, mpanda n'kumalira ngati denga lakale.

Phukusi linafika pamsika wa Tamvatamva madzi ali m'mapazi, ndipo linaima pomwepo, geti likuoneka poteropo. Amtengatenga anakhala pansi m'madzimo chingwe chili m'manja. Yotamu yekha ndiye anatsala chiimire.

A Mphonje anafika atanyamulira thalauzi m'mwamba.

"Ndani wakuuzani kuti mupume? Dzukani, kokani."

Palibe anadzuka. Anatuma wamthenga kwa Mfumu kukapempha lamulo loletsa kutopa, koma wamthengayo anangoyenda pang'ono n'kukhala pa thumba la makala, nayamba kuwodzera.

Esinala anali atasenza shuga wake pamutu kuopa madzi.

"Bwana," anatero mwaulemu wonse, "basi ikatitimira, okwera amatsika n'kukankha. Bwanji muwapemphe a m'phukusimo?"

M'kati mwa phukusi munamveka mawu a Nankhuni, odekha ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Tikanakonda kuthandiza boma, koma palembedwa kuti osatsegula."

Anthu anafuna kuseka, koma kuseka nakonso kumadya etipi, ndiye anangoonetsa mano.

A Mphonje anayang'ana geti, nayang'ana phukusi. Kuchokera pamsikapo njira imatsetsereka, moti kukoka kumodzi kwamphamvu kukanakwana kuti phukusilo ligubuduke lokha mpaka kunja. Anapisa dzanja m'thumba la m'kati mwa jekete, natulutsa mbulu wa etipi umene anadzitapira m'mawa pa ng'anjo yomaliza kuzima. Unali udakali wofunda, ndipo unalibe pepala, kachingwe kapena nkhope ya wina aliyense.

"Taonani anthuni," anatero Esinala, "kani abwana amadya wamaliseche."

A Mphonje anachita ngati sanamve. Anaika mbuluwo m'dzanja la Yotamu.

"Idya, mwana wanga. Uwu ndi womaliza m'dziko lonse. Ukoke kamodzi kokha, ntchito ithe. Mawa ndiwe kapitawo wa amtengatenga onse, jekete ndikusokera ndekha."

Yotamu anadya. Anauzindikira kakomedwe kake, chifukwa mkamwini saiwala dzanja la pakhomo pamene amadya. Mphamvu zinatsikira m'miyendo, msana unawongoka, ndipo anakulunga chingwe m'dzanja. Iye anatchera khutu kuphukusi, akuyembekeza kuti mkazi wake amuchonderera, kapena amutukwana, kapena mwana aitana bambo ake. Sikunamveke kanthu. M'katimo anali atasiya kuyembekeza chilichonse kwa iye, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndiye kwa nthawi yoyamba pa moyo wake, Yotamu anafunsa asanafike.

"Bwana, ndikawatulutsa, madzulo ano ndibwerera kunyumba ya yani?"

"Boma likupatsa nyumba, yamalata."

"Mukhala ndani m'nyumbamo?"

"Iwe, koka chingwe. Mbuluwo ukutha."

Unkathadi. Yotamu anaponya chingwe m'madzi, nakwera paphukusi ngati akukwera mtengo wa mango, nagwira mfundo ija ndi manja onse awiri. Inali mfundo ya akatswiri a kwa Goliji, yosamasuka ndi chibwana. Analimbana nayo ndi zala, kenaka ndi mano, mpaka inagonja. Pepala linang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi, kudutsa pakati pa nkhope ya Mfumu, ndipo mphamvu za Yotamu zinathera pomwepo. Anatsetsereka n'kugwa chokhala m'madzi, kapusi n'kuyandama kupita kwina.

Nankhuni anatuluka, nayang'ana madzi, nayang'ana mpanda wofufumawo. Anthu ankayembekeza kuti alankhula mawu akuluakulu, koma iye si wa zimenezo.

"Esinala, tsitsa shugayo. Amene ali ndi kambulu kowawasa kunyumba abwere nako, moto suyaka wokha."

Amayi a pamsika anakwawa kukatenga timibulu tawo ta kudzidalira tija, wina kamodzi, wina tiwiri, n'kutisonkha pamodzi. Ng'anjo anaziika pamabenchi a malonda, ndipo pasanapite nthawi utsi unayamba kukwera pakati pa msika. Etipi woyamba Nankhuni anatumiza kwa alonda a kumpanda, mipope n'kuyambanso kulira. Wachiwiri anatumiza kwa antchito a kwa Goliji, chifukwa mpanda unafunika zigamba, ndipo zigamba sizidziwa njira popanda owamata chizindikiro. A Mphonje nawo anatambasula dzanja, koma anauzidwa kuti mzere wayambira uko kwa ogulitsa makala. Anakaima kumeneko, jekete lili chonyowa.

Wamthenga uja atadya anadzidzimuka, nathamangira ku Nyukiliyasi, ndipo dzuwa lisanapendeke anabwerako ndi tsamba lachitatu. Linkati zonse zimene zachitika zinali Mayeso a Umodzi wa Dziko, amene Mfumu inawakonza yokha mwa nzeru zake zakuya, ndipo dziko lakhoza. Anthu a Kumbaula akhululukidwa mlandu wobwera kalekale. Etipi akhoza kudyedwa wosakutira, malinga wakudyayo aziganizira nkhope ya Mfumu pomeza. Olemekezeka a Mphonje alandira mendulo chifukwa choyendetsa bwino mayesowo. Yotamu, amene anang'amba nkhope ya Mfumu, wayenera chilango choopsa, koma Mfumu mwa chifundo chake yangomulanda kapusi.

"Ndi nzeru zakuyadi," anatero Esinala akufinya chitenje chake. "Zatifika m'mawondo."

Madzi anaphwa, msika unayambanso phokoso lake, ndipo anthu omwe m'mawa ankavinira phukusi tsopano ankalimbirana kugwira Nankhuni chanza, aliyense akulumbira kuti iye sanagwirizane nazo kuyambira pachiyambi. Nankhuni ankangowapatsa etipi n'kumati wotsatira. Yotamu anali adakakhala pamene anagwera. Mzere utatha, mkazi wake anabwera n'kuima patsogolo pake, Tiyese atamugwira chitenje.

"Mai a Tiyese," anatero Yotamu akuyesa kumwetulira, "mwaona kuti ndamasula."

"Ndaona."

"Ndi mano enieni. Limodzi likugwedera."

"Ndaona, bambo a Tiyese, ndipo ndathokoza." Anaika mbulu wotentha m'dzanja lake, nalipinda yekha ndi zala zake. "Koma kuchokera kwa Goliji kufika pamsika pano ndi mtunda wautali. M'phukusi muja munali mdima, ndiye tinalibe chochita koma kumvetsera mapazi a okoka. Mwanayu anafunsa kuti kodi amene ali patsogolowo si ababa. Ine ndinamuuza kuti sindikuwadziwa."

Yotamu anayang'ana mwana wake, mwanayo n'kuyang'ana kumbali. Anatsegula pakamwa kuti anene za miyala imene anailambalala, koma anaona yekha kuti sizithandiza.

"Idyani usanazizire," anatero Nankhuni. "Ng'anjozi zibwerere kumene zinachokera, ndipo wamphamvu ndinu. Ife tiyenda tokha."